Mapointi akaima pa 11: asanaweruze mutu wa mwana, ayambe aona chilankhulo cha funso

M'mwezi wa Julayi, pamene malonda a fodya ali kumapeto ndipo mbande za chaka chatsopano zayamba kubiriwira m'manazale, ophunzira a Fomu 6 m'sukulu zambiri za ku Zimbabwe amalemba mayeso oyeserera. Pa mapulazi a ku Banket, Trelawney, Mvurwi ndi Shamva, m'nyengo imeneyi mumapezeka mwana amene nkhani yake imafanana ndi ya anzake ambiri. Agogo ake anachokera ku Dedza, ku Chipata kapena ku Angónia. Iye anabadwira m'komboni, anakhoza bwino Fomu 4, ndipo mtima wake wonse uli pa udokotala. Kumapeto kwa Fomu 5 anapeza mapointi 11. Atalembanso chaka chitangoyamba, anapeza 11. Zotsatira za Julayi zabwera, ndi 11 yemweyo. Pakati ponsepa wakhala akuwerenga mpaka tambala woyamba, walemba mapepala a mayeso akale osawerengeka, koma nambala yakana kusuntha.

Zikafika apa, aliyense amakhala ndi yankho lake. Aphunzitsi amati awonjezere kuwerenga. Makolo, amene anagulitsa mbuzi kapena kukongola kwa kapitawo kuti alipire fizi, amayamba kunong'onezana kuti mwina mutu wa mwanayo wafika pamene unayenera kulekezera. Mwana mwiniwake amakhulupirira zomwezo, ndipo apa ndiye pamene pagona ngozi. Komatu nthawi zambiri mwana wotere sanafike pamapeto a nzeru zake. Chimene chamuimitsa ndi mtunda umene ulipo pakati pa zimene akudziwa ndi Chingerezi chimene wochonga mayeso akufuna kuona papepala. Mtunda umenewu sutha ndi kuwerenga maola ochuluka m'njira yomweyo imene inamufikitsa pa 11. Umatha mwana akayamba kufufuza malikisi amene anataya, limodzilimodzi, ndiponso akalola chilankhulo cha kwawo kuti chimuthandize kuyesa ngati wamvetsadi.

Kwa owerenga a ku Malawi ndi ku Zambia, kumene mapointi 6 ndiwo apamwamba ndipo kuchepa kwa nambala n'chinthu chonyaditsa, ndi bwino kunena kuti ku Zimbabwe amawerengera mokweza. Pa mayeso a A-Level a bungwe la ZIMSEC, giredi A ndi mapointi 5, B ndi 4, C ndi 3, D ndi 2, E ndi 1. Wolemba maphunziro atatu n'kukhoza onse ndi A amapeza 15. Khomo lalikulu lolowera ku sukulu za udokotala, kaya ku University of Zimbabwe ku Harare, ku NUST ku Bulawayo kapena ku Midlands State University ku Gweru, ndi mayeso amenewa, makamaka Chemistry, Biology ndi Masamu kapena Physics. Malo ndi ochepa ndipo opikisana ndi ambiri, moti amene amasankhidwa kawirikawiri amakhala ndi 15 kapena pafupi kwambiri ndi pamenepo. Mwana wa mapointi 11, mwachitsanzo ma B awiri ndi C mmodzi, si wolephera. Koma pa mzere wa udokotala ali kutali, ndipo mayeso enieni amayamba pasanathe miyezi itatu kapena inayi kuchokera pa oyesererawo.

Mwana ameneyu sanafike pa Fomu 6 mwangozi, ndipo mbiri ya kumene akuchokera ndi mbali ya funso lonseli. Kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, amuna ochokera ku Nyasaland, kum'mawa kwa Northern Rhodesia ndi ku Tete ankapita ku Southern Rhodesia kukagwira ntchito m'migodi ndi m'minda ya azungu. Ena anayenda wapansi, ena anakwera magalimoto a Ulere, ena analembedwa ndi bungwe lolemba antchito limene anthu ankalitcha Mthandizi. Ambiri sanabwerere, n'kukhala matchona. Pamene boma linayamba kulanda ndi kugawa mapulazi mofulumira mu 2000, mabanja ambiri oterewa anataya ntchito koma malo sanalandire, chifukwa ankaonedwa ngati alendo opanda mudzi. Sukulu zambiri zimene zinatsegulidwa m'madera ogawidwawo zinayambira m'nyumba zakale za eni mapulazi ndi m'mabalani a fodya. Mwana amene wadutsa m'sukulu zotere mpaka kukhala pa benchi la sayansi ya Fomu 6 waonetsa kale kuti mutu ali nawo. Funso loyenera n'lakuti malikisi ake akuthera pati.

Iye amakhala m'zilankhulo zitatu. Kunyumba, kumaliro ndi kudambwe amamva Chichewa. Pamsewu, kugolosale ndi pabwalo la sukulu amalankhula Chishona, ndipo n'chimene amachiphunzira m'kalasi monga chilankhulo cha dziko. Mayeso a sayansi amabwera m'Chingerezi. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013, mu ndime 6, amavomereza zilankhulo 16, ndipo Chichewa n'chimene chili poyamba pa mndandandawo. Koma kuvomerezedwa m'malamulo sikunachilowetse m'labotale. Chotsatira chake n'chakuti mwanayo amaganiza m'Chichewa kapena m'Chishona, amaloweza m'Chingerezi, ndipo palibe amene anamuphunzitsapo kumanga mlatho pakati pa ziwirizi.

Jim Cummins, katswiri wa maphunziro ndi zilankhulo wa ku Canada, mu 1979 anasiyanitsa luso locheza m'chilankhulo ndi luso lochigwiritsa ntchito pa maphunziro ozama. Pofufuza za ana a anthu obwera ku Canada, anapeza kuti luso locheza limabwera m'zaka ngati ziwiri, pamene la maphunziro limatenga zaka zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri. Ichi n'chifukwa chake mwana amene amalankhula Chingerezi chosalala, amene amatsogolera mapemphero pa asembule, akhoza kumataya malikisi pa funso limene yankho lake akulidziwa. Aphunzitsi saganizira n'komwe za chilankhulo, poti amamumva akulankhula bwino. Vutolo limabisala m'mawu ochepa kwambiri, ndipo ambiri mwa mawuwo ndi ooneka ophweka.

Malo oyamba pamene limabisala ndi mawu olamula amene amatsegula funso. Mawu a Chingerezi akuti "describe" ndi "explain" onse amafika m'mutu wa Mchewa ngati "fotokoza", ndipo wolankhula Chishona onse amawamva ngati "tsanangura". Koma kwa wochonga ndi ntchito ziwiri zosiyana. Loyambalo likufuna kuti wophunzira anene zimene zikuchitika kapena zimene zikuoneka. Lachiwirilo likufuna chifukwa chake. Akapatsidwa girafu yosonyeza mmene enzyme imagwirira ntchito kutentha kukamakwera, n'kuuzidwa kuti "explain", mwana amene walemba bwinobwino kuti mzere ukukwera, kenako n'kugwa mwadzidzidzi, wanena zoona zokhazokha koma malikisi sapeza. Wochonga amafuna kumva kuti poyamba tizidutswa timathamanga kwambiri n'kumagundana pafupipafupi, ndipo kenako kutenthako kumawononga maonekedwe a malo amene enzyme imagwirira chinthu chimene ikusintha. Chimodzimodzinso "suggest", limene limalola wophunzira kugwiritsa ntchito zimene akudziwa pa nkhani imene sanaiwerengepo. Ana ambiri akaliona amasiya mpata wopanda kanthu, poganiza kuti mutuwo sanauphunzire.

Malo achiwiri ndi mawu amodzi a kunyumba amene amanyamula matanthauzo angapo a sayansi. "Mphamvu" imaimira "force", "energy" ndi "power", monganso "simba" m'Chishona. "Kupuma" kumaimira kukoka mpweya m'mapapo, komanso n'kumene mwana amaganiza akamva "respiration", chikhalirecho "respiration" ndi ntchito ya m'kati mwa selo yotulutsa mphamvu kuchokera m'shuga. "Kusungunuka" ndi kwa mafuta a nkhumba pamoto, ndiponso ndi kwa mchere m'madzi, pamene Chemistry imasiyanitsa "melt" ndi "dissolve" mosanyengerera. "Mtsempha" ukhoza kukhala wonyamula magazi kuchoka kumtima, wobweza magazi kumtima, wonyamula uthenga wa ubongo, kapena wolumikiza mnofu ndi fupa. "Kutentha" kumakuta "heat" ndi "temperature". Izi sizitanthauza kuti Chichewa n'chosauka. Chingerezi cha pamsika nachonso chimasakaniza "weight" ndi "mass", ndipo ana a ku England amalakwitsa pomwepo. Chilankhulo chilichonse cha tsiku ndi tsiku chimadula dziko m'zidutswa zogwirizana ndi moyo wa eni ake, ndipo sayansi imadula mwa njira yake. Kusiyana kwake n'kwakuti mwana wa papulazi amadumpha mipanda iwiri, wina wa chilankhulo, wina wa sayansi, popanda womuuza kuti mipandayo ilipo.

Apa m'pamene malangizo akuti "wonjezera mapepala akale" amalephera. Mwana amalemba pepala, amatsegula kabuku ka mayankho, amawerenga yankho lolondola, amagwedeza mutu n'kunena kuti n'zimene amatanthauza, kenako amatenga pepala lina. Sanaone kuti mawu ake ndi mawu a m'kabukumo sakunena chinthu chimodzi. Pepala lililonse latsopano limangolimbitsa chizolowezi chakale. Kuwerenga mobwerezabwereza nakonso kumanyenga, chifukwa tsamba likazolowereka m'maso, munthu amayesa kuti walidziwa. Mu 2006 Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke anaonetsa kuti ophunzira amene anabwereza kuwerenga nkhani anapambana atayesedwa patangopita mphindi zisanu, koma patapita sabata anapambana ndi amene anatseka buku n'kumadziyesa kukumbukira. Mu 2013 John Dunlosky ndi anzake anaunika njira khumi zowerengera. Kubwereza kuwerenga ndi kudula mizere kunsi kwa mawu anaziika m'gulu la zothandiza pang'ono, ndipo kudziyesa ndi kumwaza kuwerenga pa masiku angapo anaziika pamwamba. Njira zimene mwana wakhama amadalira kwambiri usiku wonse ndi zomwezo zimene zili m'munsi.

Chofunika choyamba, tsono, n'kuleka kaye kulemba mapepala atsopano. Mwanayo atenge mapepala atatu amene anachongedwa kale, agule kope limodzi, ndipo malikisi aliwonse amene anataya awaike m'gulu lake. Gulu loyamba ndi la zimene sankazidziwa n'komwe. Lachiwiri ndi la zimene ankazidziwa koma funso analimva mwina. Lachitatu ndi la pamene funso analimva koma mawu ake anali otayirira kapena analumpha sitepe. Lachinayi ndi la kutha kwa nthawi ndi kuphonya powerengetsera. Ntchito imeneyi ndi yowawa ndipo imatenga masiku angapo, koma ikatha mwanayo amakhala ataona nkhope ya mdani wake. Ngati gulu loyamba ndilo ladzaza, aphunzitsi ananena zoona ndipo abwerere ku buku. Ngati achuluka ndi achiwiri ndi achitatu, kuwerenga kwina sikumuthandiza, chifukwa akuthira madzi mumtsuko wodzaza kale pamene wobooka uli pambali.

Chachiwiri ndi kugwiritsa ntchito chilankhulo cha kunyumba ngati sikelo. Atatseka buku, mwanayo afotokozere amayi ake kapena mng'ono wake, m'Chichewa kapena m'Chishona, chifukwa chimene feteleza wothiridwa pafupi kwambiri ndi tsinde amawotchera mbewu. Mawu oloweza sangamubise apa, poti amayi sangavomere kungomva dzina lakuti "osmosis". Ayenera kunena kuti feteleza amasungunuka m'madzi a m'nthaka n'kuwasandutsa okhathamira kuposa a m'kati mwa muzu, kotero madzi amatuluka m'maselo a muzu kudzera m'kakhungu kamene kamalola madzi kudutsa koma kamatsekereza zina, kotero maselo amafwapa, kotero mbewu imafota. "Kotero" aliyense m'chiganizo chimenechi ndi sitepe imene wochonga amaiyang'ana. Pamene lilime lagwira, pamene mwanayo wathawira ku mawu a Chingerezi chifukwa sakudziwa chonena, pamenepo ndiye pali dzenje. Akatha kufotokoza, alembe yankho lomwelo m'Chingerezi cha mayeso, ndi mawu ake enieni monga "water potential" ndi "partially permeable membrane", kenako ayerekeze ndi kabuku ka mayankho liwu ndi liwu.

Pa njira imeneyi mwana wa papulazi ali ndi chuma chimene mnzake wa ku Borrowdale alibe. Bambo ake amene amachezera pa balani usiku amadziwa kuti fodya akangolowa, moto umayamba pang'ono ndipo chinyezi chimasungidwa mpaka tsamba litasanduka lachikasu, ndiponso kuti wofulumira kukoleza moto amatulutsa fodya wobiriwira amene sagulidwa bwino. Izi ndi Biology yeniyeni. M'masiku oyambawo tsamba likadali lamoyo, ma enzyme akuphwanya sitalichi kukhala shuga ndipo chobiriwiritsa tsamba chikutha. Kutentha kukakwera msanga, tsamba limauma ndipo ma enzyme amaleka ntchito isanathe. Pomaliza moto umakwezedwa kufika cha m'ma madigiri 70 kuti mtsitsi wa pakati pa tsamba uume. Girafu ija yokwera n'kugwa, mwanayo anakulira pafupi nayo. Chimene chinasowa ndi munthu womuuza kuti zimene bambo amachita ndi nkhuni ndi zimene funso la malikisi anayi likufunsa.

Chachitatu ndi kugawa nthawi. M'malo mokhala tsiku lonse pa mutu umodzi, abwerere ku funso limene analakwitsa patapita masiku awiri, kenako sabata, kenako masabata atatu, ndipo nthawi iliyonse aliyankhe buku lili chotseka. Pepala lathunthu lolemba ndi wotchi likwanira kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri, kuti aone ngati magulu a m'kope muja akuchepa. Tulo nato ndi mbali ya ntchitoyi, chifukwa ubongo umakhazikitsa zimene waphunzira munthu ali m'tulo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mwana amene wazolowera kuyeza khama lake ndi maola amavutika kukhulupirira kuti mafunso khumi ofufuzidwa bwino amaposa mapepala asanu ongodutsamo.

Pali zotsutsa zimene ziyenera kumvedwa. Wina anganene kuti vuto lenileni ndi umphawi: labotale yopanda mankhwala, magetsi othima, mphunzitsi wa Chemistry amene anapita ku South Africa pakati pa chaka, mwana amene amajomba kuti akathyole fodya. Zonsezi n'zoona, ndipo palibe kope la zolakwa limene lingalowe m'malo mwa mayeso a m'labotale amene mwana sanagwirepo zipangizo zake. Boma ndi eni sukulu ali ndi mlandu umene chilankhulo sichingawachotsere. Komabe labotale simangidwa pakati pa Julayi ndi Okutobala, pamene kusiyanitsa "describe" ndi "explain" kumatheka m'sabata imodzi ndipo sikufuna ndalama. Kutchula chimene mwana angathe kukonza lero si kukhululukira amene anamumana zina zonse.

Wina anganenenso kuti kubweza mwana ku Chichewa n'kumubwezera m'mbuyo, popeza mayeso ndi a Chingerezi ndipo ku Parirenyatwa adzaphunzira m'Chingerezi. Yankho n'lakuti njirayi imayambira ku Chichewa koma imathera ku Chingerezi cholondola kuposa chimene anali nacho. Ndipo mbiri ili ndi umboni wake. Hastings Kamuzu Banda, kaya munthu amamuona bwanji pa ndale, ali mnyamata anachoka ku Kasungu wapansi n'kukagwira ntchito yapansi pachipatala cha ku Hartley, tauni imene lero ndi Chegutu, ku Mashonaland West komweko. Ali pa University of Chicago anathandiza katswiri wa zilankhulo Mark Hanna Watkins pofufuza Chichewa, ndipo buku la galamala ya Chichewa la Watkins linatuluka mu 1937, chaka chomwecho chimene Banda anamaliza maphunziro a udokotala ku Meharry Medical College. Kusinkhasinkha mozama za chilankhulo cha kwawo sikunamutsekere khomo la udokotala. Kuwonjezera apo, dokotala amene angathe kufotokozera gogo wa m'komboni za matenda a shuga m'mawu amene gogoyo akumva ndi amene zipatala za ku Chinhoyi, Bindura ndi Marondera zikumusowa.

Choona china n'chakuti si mwana aliyense wa mapointi 11 amene adzafike pa 15. Ena adzakwera kufika pa 13 n'kupeza malo m'maphunziro ena a zaumoyo, monga unamwino kapena za m'labotale ya chipatala, ndipo zimenezi si manyazi. Ena adzalembanso. Koma pali kusiyana pakati pa mwana amene wasiya loto lake atadziwa bwino pamene mphamvu zake zalekezera, ndi amene walisiya chifukwa chokhulupirira bodza lakuti ndi wopepera, pamene chimene chinamugwetsa chinali mneni mmodzi kumayambiriro kwa funso.

Nkhaniyi si ya ku Zimbabwe kokha. Wophunzira wa ku Mchinji amene akulimbana ndi mayeso a MSCE kuti akalowe ku Kamuzu University of Health Sciences, wa ku Katete amene akufuna udokotala ku University of Zambia, ndi wa ku Ulónguè amene akukonzekera mayeso olowera ku yunivesite m'Chipwitikizi, onse amapunthwa pa "mphamvu", "kupuma" ndi "mtsempha" yemweyo. Mutu umodzi susenza denga. Pakati pa olankhula Chichewa ndi Chinyanja m'mayiko anayiwa pali anamwino, madokotala, aphunzitsi a sayansi ndi akatswiri a zilankhulo okwanira kulemba mndandanda wa mawu a kunyumba amene amabisa matanthauzo awiri kapena atatu a sayansi, ndi chitsanzo cha m'munda kapena cha kukhitchini pa tanthauzo lililonse. Mndandanda wotere sufunika kudikira komiti yovomereza mawu. Masamba awiri otumizidwa pa WhatsApp akhoza kufika m'komboni ya ku Trelawney tsiku lomwelo.

Pakadali pano, kholo limene mwana wake wabwera ndi 11 wachitatu lingachite chinthu chimodzi usiku womwewo. M'malo mofunsa ngati anawerenga mokwanira, limupemphe kuti atseke buku, akhale pamphasa, ndipo afotokoze m'chilankhulo cha panyumbapo chifukwa chimene nyama yothiridwa mchere siola msanga. Ngati afotokoza mpaka kumapeto, nzeru zilipo ndipo chotsala ndi kuziveka Chingerezi choyenera. Ngati aima pakati, banja ladziwa tsamba limene ayenera kutsegula m'mawa.